Chinyontho m'chipinda chapansi ndi m'sitolo: mmene mungachidziwire ndi mmene mungathanirane nacho muno mu Lilongwe

Mvula ikangokhazikika mu Januwale, nyumba zambiri muno mu Lilongwe zimayamba kununkha chuku. Mutsegula chitseko cha sitolo yosungiramo katundu kapena chipinda chapansi chija, fungo nkukulandirani pakhomo pomwepo, nsapato zachikopa zatuwa, sutikesi yamera nkhungu, penti ya m'munsi mwa khoma yafufuma nkumasupuka yokha. Ndiye ambiri chimene amachita ndi kuthamangira ku hadiweya kwa Malangalanga kukagula penti, ena mpaka amaika matailosi kuti abise. Ndalama yotaya imeneyo abale. Penti imabwera pomaliza penipeni, choyamba ndi kudziwa kuti madziwo akuchokera kuti, chifukwa khoma lonyowa ndi madzi a padenga ndi khoma lonyowa ndi paipi yodontha zimaoneka chimodzimodzi koma mankhwala ake ndi osiyana kutalitali.

Nyumba za basement sizambiri kuno koma zilipo, makamaka m'mapoloti otsetsereka ngati mbali zina za Area 47 kapena Area 3, komwe munthu amamanga galaja kapena chipinda pansi khoma limodzi litatsamira dothi. Malangizo awa ndi a zipinda zimenezo, koma agwiranso ntchito kwa inu amene munamanga kapena mukuchita lendi kufupi ndi dambo, mbali zina za Area 49, Area 25, Area 36 kaya Mtandire, komwe madzi a pansi sakhala patali mvula ikafika pachimake.

Gawo 1: Zungulirani ndi tochi, mvula ikugwa

Kufufuza kumachitika dzinja, kukonza kumachitika chilimwe. Mukayamba kufufuza mu Okotobala chilichonse chimaoneka bwinobwino ndipo simupeza kanthu.

Lowani m'chipindamo, sunthani wadiropu, matumba, makatoni, chilichonse chotsamira khoma, nde muyang'ane ndi tochi ya pafoni. Zimene mukufuna ndi izi. Mzere wakuda kapena wachikasu woyenda m'munsi mwa khoma, kutalika kwake osapitirira mita imodzi kuchokera pansi. Zoyera zonga mchere pa njerwa kapena pa pulasitala, zoti mukakhudza zimayoyoka. Timadontho takuda m'makona ndi kuseri kwa mipando. Misomali ndi mahinjesi a dzimbiri. Chitseko chothina chomwe mu Seputembala chimatsekeka bwinobwino. Pulasitala yoti mukagogoda ndi kiyi imalira ngati mkati mulibe kanthu. Mabongololo, mphemvu ndi chiswe nazonso zimakonda malo onyowa, ndiye zikachuluka mbali imodzi ya chipinda muziikayikira mbali imeneyo.

Tengani pensulo muzungulize malire a pamene panyowapo, mulembe deti pakhoma pomwepo, mujambule. Pakatha sabata mudzaone ngati pakula kapena pachepa, komanso ngati pamakula mvula ikagwa kapena pamangokhala chimodzimodzi. Kanthu kakang'ono aka kadzakuthandizani kwambiri pokambirana ndi mmisiri, ngakhalenso ndi a landilodi.

Kenako valani gambutsi mutuluke panja mvula ili mkati, osati itakata. Imani muone madzi a padenga akugwera pati, akuyenda kulowera kuti, akudikha pati. Anthu ambiri sanaionepo nyumba yawo kunja mvula ikugwa, pomwe yankho nthawi zambiri limakhala pamenepo.

Gawo 2: Yezani, musamangoganizira

Pali mayeso atatu ndipo onse ndi otchipa.

Oyamba ndi a mpweya. Pali kachipangizo kakang'ono koyendera batire kotchedwa hygrometer, kamaonetsa kuchuluka kwa chinyezi mumpweya m'maperesenti, kena kamabwera pamodzi ndi wotchi ya pakhoma. Funsani m'mashopu a zamagetsi ku Area 2 kapena kwa anthu ogulitsa zipangizo zoswetsera mazira, iwowa amakhala nato chifukwa incubator imafuna komweko. M'nyumba mumafunika mukhale pakati pa 30 ndi 50 peresenti, bola pasapitirire 60. Zikamakhala pa 70 kupita mtsogolo masiku otsatizana, nkhungu imera basi olo mukolope bwanji. Kaikeni pakati pa chipinda, osati pazenera, muwerenge m'mawa, masana ndi usiku kwa sabata yonse, muyezenso pabalaza kuti mufananitse. Dzinja manambala amakwera paliponse, ndiye chofunika ndi kuona kuti chipinda chapansicho chikusiyana bwanji ndi zipinda zina.

Totchipa tina timanama. Kuti mudziwe ngati kanu kali bwino, thirani mchere wa pakhitchini mu kachivindikiro ka botolo, mudonthezere madzi pang'ono kuti unyowe koma usasungunuke, muike pamodzi ndi kachipangizoko mu kontena yotseka bwino usiku wonse. M'mawa kayenera kuonetsa 75 peresenti. Kakaonetsa 70 ndiye kuti muziwonjezera 5 nthawi zonse powerenga.

Achiwiri ndi a pulasitiki, ndipo kwa ine awa ndiye ofunika kuposa onse. Dulani pulasitiki yoonekera mkati, pafupifupi 45 cm mbali zonse, mumate ndi tepi yolimba pakhoma pamene mukukayikira, mbali zonse zinayi osasiya mpata. Ina mumate pasimenti pansi. Musiye maola 24, kapena masiku awiri ngati simukufulumira. Mukapeza madzi ali kuseri kwa pulasitiki, mbali yoyang'ana kukhoma, kapena simenti yada pamene munaphimbapo, ndiye kuti madzi akudutsa m'khoma kapena pansi kuchokera kunja. Mukapeza madontho ali pamwamba pa pulasitiki mbali yoyang'ana kwa inu, vuto ndi mpweya wa m'chipindamo. Pena mumapeza mbali zonse ziwiri, zimachitika.

Achitatu ndi a mita ya madzi. Tsekani mipope yonse, muuze ana asagwejemule ku toileti, muwerenge mita ya Lilongwe Water Board, mudikire maola awiri muwerengenso. Ikasuntha ndiye kuti penapake pakudontha. Chitani izi nthawi yoti madzi alipo ndithu m'mapaipi, mpope wouma sungakuuzeni kanthu. Ngati muli ndi thanki, tsekani valavu yolowetsa madzi muike chizindikiro pamene madzi alekezera, m'mawa mukaone.

Gawo 3: Tsopano tchulani gwero lake

Mzere wa m'munsi uja wokhala ndi mchere woyera ndi chinyontho chokwera kuchokera m'nthaka. Njerwa zootcha zimayamwa madzi, ndipo madziwo amakwera okha m'timabowo ta njerwa ndi matope omangira mpaka pamene auma, nkusiya mchere wa m'dothi pakhoma. Nchifukwa chake pomanga amayala DPC, pulasitiki yakuda ija, pamwamba pa fawundeshoni, ndi ina yaikulu pansi pa silabu. Nyumba zambiri zomangidwa mothamanga kuti zilowe alendi zilibe, kapena anaika yopyapyala yomwe inabooka tsiku lomwelo ndi mawilibala.

Banga lomwe limakula mvula ikagwa, pakati pa khoma kapena pakhoma lotsamira dothi, ndi madzi a mvula olowa cham'mbali. Banga lomwe silisintha kaya ndi dzinja kaya chilimwe, makamaka kuseri kwake kukakhala bafa, sinki kapena giza, ndi paipi, itanani pulambala musavutike ndi zina zonsezi.

Timadontho takuda m'makona, kuseri kwa wadiropu ndi pasiling'i, popanda mzere wooneka, ndi mpweya. Zimachitika chimodzimodzi ndi botolo la Fanta lochokera mufiriji lomwe limachita thukuta mukaliika patebulo. Mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri, pa 30 digiri kyubiki mita imodzi imatha kunyamula magalamu 30, pa 20 digiri magalamu 17 okha, pa 10 digiri 9. Ndiye mpweya wofunda wa masana a Febuluwale ukalowa m'chipinda chapansi nkukhudza khoma lozizira lotsamira dothi, madzi otsalawo amatsikira pakhomapo. Mu Juni ndi Julaye usiku kukazizira zomwezi zimachitika pansi pa malata, mpaka munthu kumaganiza kuti denga likudontha pomwe mvula kulibe.

Gawo 4: Yambani kunja, apa ndi pamene pali nkhani

Tiyeni tiwerengetse pang'ono. Mvula ya 1 mm ikagwa pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la mamita 10 mbali zonse, mvula ya 30 mm yomwe imatha kugwa madzulo amodzi, ndi malita 3,000, madiramu 15 a malita 200. Lilongwe imalandira pafupifupi 800 mpaka 900 mm pachaka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo, ndiye denga lomwelo limatsitsa malita oposa 80,000 m'miyezi yochepa. Ngati mulibe ma gutter madzi onsewo akugwera m'mphepete mwa fawundeshoni yanu, nde mukudabwa chani kuti khoma lanyowa?

Ngati ma gutter alipo, kwerani muchotse masamba a mango ndi fumbi la chilimwe mvula isanayambe, muthire ndowa ya madzi muone ngati akuyenda kapena akudikha pakati. Ngati palibe, ikani, olo mbali yokhayo yomwe ili ndi vuto ngati ndalama yavuta. Koma chomwe ambiri amalakwitsa ndi paipi yotsika ija, imathera pakona penipeni pa nyumba nkumakhuthulira madzi onse malo amodzi, zomwe ndi zoipa kuposa kukhala opanda gutter. Ilumikizeni ipite mamita awiri kapena kuposa kutali ndi khoma, ikathirire mu ngalande, kapena mu thanki ngati mukufuna madzi ochapira, bola thankiyo ikhale ndi potulukira ikadzadza ndiponso yovindikira chifukwa cha udzudzu.

Kenako dothi lozungulira nyumba. Liyenera kutsetsereka kuchoka kukhoma, litsike pafupifupi 15 cm pa mamita atatu oyamba. Tengani chingwe ndi levulo muyeze, maso amanama. Pamene palowa thirani dothi la katondo mutsendere bwino, osati mchenga, mchenga umangolowetsa madzi. Mukatha ikani apuloni ya simenti kuzungulira, mulifupi pafupifupi mita imodzi, yopendekera kunja, ndi kangalande kumapeto kwake. Apuloni yakale ngati inang'ambika kapena inasiyana ndi khoma, mng'alu umenewo ndi khomo la madzi, utsekeni.

Samalani apa. DPC imayenera kukhala 15 cm pamwamba pa dothi la kunja, mizere iwiri ya njerwa. Nyumba zambiri DPC ilimo bwinobwino koma eni ake anadzathira dothi, kuika mapeva kapena kumanga khonde mpaka kuikwirira, ndiye madzi amangodutsa pamwamba pake. Fukulani pang'ono pambali muione. Ngati yakwiririka, kungochotsa dothilo kumatha kuthetsa vuto lonse osagula kanthu.

Maluwa a m'mphepete mwa khoma, pepani amayi, achoke. Bedi la maluwa lotsamira nyumba lomwe mukulithirira m'mawa uliwonse ndi kuthirira fawundeshoni. Chimodzimodzi mpope wa panja wopanda dreni, malo ochapira, ndi madzi a kubafa ongotayikira kuseri. Onaninso soak pit, dzenje lija lomwetsa madzi oipa a m'nyumba m'nthaka, ikadzadza dzinja dothi lonse lozungulira limakhuta, ndipo ikakhala kumtunda kwa chipinda chapansi madziwo akubwera kwa inu, ndi fungo lake lomwe.

Za mpanda nazo. Mipanda ya njerwa yatchinga njira zakale za madzi m'madera ambiri, aneba akumtunda amaboola mpanda madzi awo nkumathira kwa inu, inunso mulibe kotulutsira. Kambiranani madzi akhale ndi njira imodzi yokafika ku ngalande ya kumsewu, ndipo ngalandeyo muzichotsamo majumbo ndi mabotolo nokha Novembala asanafike, kudikira a khonsolo muchedwa.

Gawo 5: Khoma lotsamira dothi

Ili ndiye gawo lodula, ndipo musalifike musanachite za mu gawo 4 nkudikira mvula zingapo kuti muone kusintha. Nthawi zambiri zimathera komweko.

Zikakanika, khomalo liyenera kutetezedwa kunja, mbali yomwe madzi akuchokera. Kupaka zotchinga madzi mkati mokha kumagwira kanthawi, koma madzi akukankha kuchokera kuseri ndiye mapeto ake zimafufuma. Ntchito yake imayenda chonchi, ndipo ndi ya Ogasiti mpaka Okotobala. Akumbe ngalande m'mbali mwa khomalo mpaka kutsika pang'ono kupitirira pamene pali simenti ya pansi ya chipindacho, koma asakumbe kupitirira pansi pa fawundeshoni. Atsuke khoma, atseke ming'alu, apake pulasitala yosakaniza ndi mankhwala otchinga madzi, ikauma apake phula kawiri kapena katatu, kenako pulasitiki yakuda yokhuthala ya 250 micron yoteteza phulalo. Pansi pa ngalande ayale kwale, agoneke paipi ya PVC ya 110 mm yobooledwa timabowo, timabowoto tiyang'ane pansi, paipiyo izitsika 1 cm pa mita iliyonse mpaka kukatulukira kumunsi kwa poloti. Akwirire ndi kwale, ndipo kwaleyo akutidwe ndi nsalu yosefa dothi kuti matope asatseke paipi. Pamwamba amalize ndi katondo wotsendera ndi apuloni.

Ngalande ikapitirira m'chiuno kuya kwake, dothi limatha kugumukira munthu, ndipo kukumba khoma lonse kamodzi kumatha kufooketsa nyumba. Akumbe chigawochigawo, atchinjirize m'mbali ndi matabwa, ndipo ngati pamwamba pali nyumba yosanja pezani injiniya aone kaye. Mng'alu wopingasa pakhoma lotere, kapena khoma lophulika mimba kulowa mkati, si nkhani ya chinyontho chabe, pamenepo bilidala wa pa WhatsApp ayi, pakufunika injiniya.

Poloti ikakhala yafulati kapena ya dothi la makande la kudambo koti paipi ilibe kotsikira, amakumba kadzenje pakona ya chipinda nkuikamo pampu yodziyatsa yokha madzi akakwera. Imagwira ntchito, koma kumbukirani kuti mvula yamkuntho ndi kuthima kwa magetsi zimakonda kubwera limodzi, ndiye pampu yopanda inveta kapena jenereta idzakukhumudwitsani tsiku lomwe mukuifunitsitsa. Ndipo tinene zoona, pali malo ena oti vuto si chinyontho koma mtsinje. Amene anaona Lingadzi atasefukira ku Mtandire mu Febuluwale 2017 akudziwa. Malo otero chipinda chapansi musagonekemo munthu dzinja, musasungemo chakudya kapena mapepala ofunika.

Mukapeza madzi adikha m'chipinda chapansi, thimitsani magetsi pa meni switchi musanapondemo. Ngati meni switchiyo ili momwemo, musalowe, itanani wa zamagetsi.

Nanga nyumba yoti DPC mulibiretu? Amisiri amatha kudula khoma pang'onopang'ono, osapitirira mita imodzi nthawi imodzi, nkulowetsa DPC nkutsekanso. Ndi ntchito yochedwa yofuna munthu wodekha, mufunse akuonetseni nyumba yomwe anakonzapo ndipo yadutsa dzinja.

Gawo 6: Mpweya wa mkati

Ngati pulasitiki ija inanyowa pamwamba, gawo lanu ndi lino.

Chepetsani kaye madzi omwe mukulowetsa nokha. Zovala zochapa kamodzi zimatulutsa pafupifupi malita awiri a madzi pouma, ndiye mukaziyanika m'chipinda chapansi chifukwa kunja kukugwa mvula, madzi onsewo akulowa m'khoma ndi m'matiresi. Yanikani pakhonde. Kuphika, kuwiritsa madzi osamba, kukolopa ndi madzi ambiri, zonsezi zimawonjezera.

Mpweya uzidutsa, kulowa mbali ina nkutulukira ina. Zenera limodzi silikwanira. Mavent aja ambiri anawatseka ndi mapepala kapena simenti chifukwa cha fumbi ndi udzudzu, atseguleni muike gozi. Pansi pa chitseko pakhale kampata. Kachipinda kopanda zenera ikanimo fani yokokera mpweya kunja.

Koma nthawi yotsegula mazenera ndi yofunika, makamaka pa chipinda chapansi. Mvula ikangokata dzuwa nkuwala, kunja kuli nthunzi yokhayokha, mukatsegula nthawi imeneyo mukulowetsa madzi oti akatsikire pakhoma lozizira lija. Dzinja tsegulani masiku owala koti kwakhala kosagwa mvula, kuyambira cha m'ma 10 mpaka cha m'ma 3, usiku ndi nthawi ya mvula tsekani. Kuyambira Ogasiti mpaka Okotobala mpweya wa Lilongwe ndi wouma, tsegulani tsiku lonse chipinda chiumiretu, fumbi mudzasesa.

Dehumidifier ndi makina okoka madzi mumpweya nkuwasonkhanitsa mu kabaketi. Yapanyumba imadya mawati 200 mpaka 300, ndiye maola 8 ndi mayunitsi awiri a ESCOM, muwerengetse nokha pamwezi. Iikeni pa 50 kapena 55 peresenti, zitseko ndi mazenera zikhale zotseka ikamayaka. Ndi yabwino pa vuto la mpweya, koma ngati madzi akudutsa m'khoma mungomalizirapo mayunitsi. Amene muli ndi AC, ili ndi batani la dry lomwe limachita zofanana.

Timakontena toyamwa chinyezi ta m'masupamaketi, makala ouma mu kabasiketi, timapaketi ta silica tobwera m'mabokosi a nsapato, izi ndi za muwadiropu ndi musutikesi basi. Chipinda chonse sizingachithe.

Mbaula ayi. Ndikudziwa ena amaika mbaula ya makala m'chipinda nkutseka kuti muume. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, suoneka, sununkha, ndipo m'chipinda chapansi ulibe kothawira, umapha anthu ali mtulo. Musayese olo kwa ola limodzi. Jenereta chimodzimodzi, malo ake ndi panja.

Gawo 7: Kuchotsa nkhungu yomwe yamera kale

Nkhungu si nkhani ya fungo lokha. Imayambitsa chimfine chosatha, kuyetsemula, kuyabwa maso, ndipo kwa a mphumu imawadzutsira matenda. Ana, agogo, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika asakhalepo potsuka, ndipo asamagone m'chipinda chotero. Munthu akamatsokomola kupitirira masabata awiri apite kuchipatala akayezedwe, osangoti ndi chinyontho.

Valani masiki ndi magolovesi, tsegulani mazenera. Musapale nkhungu youma ndi bulashi, imauluka nkufalikira nyumba yonse, inyowetseni kaye. Tsukani ndi madzi a sopo, kenako pakani Jik wosungunula, kapu imodzi ya 250 ml mu malita anayi a madzi, musiye mphindi 10, mupukute, muumitse ndi fani. Jik musamusakanize ndi china chilichonse, kaya viniga, kaya mankhwala otsukira toileti, kaya a ammonia, zimatulutsa mpweya wa poizoni.

Zolimba ngati simenti, matailosi, zitsulo ndi pulasitiki zimatsukika. Makatoni, siling'i bodi yofufuma, kapeti ndi matiresi oti nkhungu yalowa mkati, tayani, nzopweteka koma sizichoka. Chinthu chikanyowa chiume pasanathe maola 24 mpaka 48, kupitirira apo nkhungu yayamba. Zovala chapani muyanike padzuwa lenileni nkusita, nsapato pukutani muziike padzuwa pang'ono.

Gawo 8: Kasungidwe ka katundu, makamaka chimanga

Chilichonse chichoke pansi. Mapaleti, kapena matabwa pa njerwa, 10 mpaka 15 cm kuchokera pasimenti, komanso mpata wolowa dzanja pakati pa katundu ndi khoma. Wadiropu ndi bedi zisagunde khoma lakunja. Masatifiketi, mapepala a poloti ndi zithunzi ziikeni mu kontena ya pulasitiki yotseka, ndipo zikhale m'chipinda cham'mwamba.

Ambirife chipinda chimenechi ndi chomwe timasungiramo matumba ochokera kumudzi, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri. Chimanga ndi mtedza zikachita chuku zimatha kukhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kuphika sikumuchotsa. Chimanga chimayenera kulowa m'thumba chitauma kufika pa 13 peresenti. Poyeza kunyumba, tengani botolo lagalasi louma, muikemo chimanga chodzadza dzanja ndi mchere wouma bwino masupuni awiri, mutseke, mukhutchumule, musiye mphindi 15 mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo chimangacho sichinaume, chibwerere padzuwa. Matumba a PICS amathandiza chifukwa salowa mpweya, koma mukatsekeramo chimanga chosauma chiwola momwemo. Chomwe chachita kale chuku musagayitse, musapatsenso nkhuku. Ndipo ngati hygrometer ikumakhala pa 70 kupita mtsogolo, matumbawo asamukire kwina mpaka chipinda chitakonzedwa. Simenti ndi feteleza nazonso zimaundana m'chipinda chotero.

Gawo 9: Pulasitala ndi penti

Tafika pa penti paja. Gwero la madzi litatsekedwa, gumulani pulasitala yowola mpaka 30 cm kupitirira pamene banga linalekezera, chifukwa ili ndi mchere womwe umapitiriza kukoka chinyezi. Mchere wa pa njerwa palani ndi bulashi youma, mukautsuka ndi madzi umangobwerera mkati. Kenako lisiyeni khoma lipume. Amisiri amawerengera mwezi umodzi pa 25 mm iliyonse ya kukhuthala kwa khoma, ndiye khoma la 9 inchi lomwe linakhuta madzi limatha kutenga miyezi 9 kuti liumiretu, ngakhale kutentha kwa Okotobala kumafulumizitsako. Bwerezani mayeso a pulasitiki aja, kuseri kukakhala kouma ndiye pakani pulasitala yatsopano ya mchenga wotsuka wa kumtsinje.

Penti ikhale ya madzi kapena laimu, zomwe zimalola khoma kutulutsa chinyezi. Penti ya oyilo ndi matailosi pakhoma lonyowa zimatsekera madzi mkati, madziwo amangokwera nkukatulukira pamwamba pa matailosiwo. Nyumba yatsopano nayonso imakhala ndi madzi ambiri omangira, ndiye chaka choyamba ikamachita chinyontho pang'ono musathamangire kugumula, tsegulani mazenera muone chilimwe chikadutsa.

Amene muli pa lendi, zokumba ndi ma gutter si zanu, koma mayeso onse a mu gawo 2 mungathe, kusuntha katundu, kutsegula mavent ndi kutsegula kangalande ndi khasu mungathenso. Zithunzi zija za madeti atumizireni a landilodi mwaulemu, muwauze kuti bambo, khoma la kuchipinda likulowa madzi mvula ikagwa, taonani mmene lakulira sabata ino, ndipo ngati mwagwirizana kuti mukonze nokha adzadule pa lendi, zilembedwe pa meseji musanagule thumba la simenti. Pofuna nyumba ina kaioneni mu Febuluwale ngati nkotheka, ndipo mukapeza m'munsi mwa khoma mwapakidwa penti yatsopano mita imodzi yokha kuzungulira chipinda, funsani aneba kuti dzinja lapitali munali bwanji.